Chaka Chino Sigona M'khola

Nkhaniyi a Reino Salmela anaiyamba ali pa khofi wam'mawa, Loweruka lomaliza la Okutobala.

"Galimoto ija chaka chino sikagona kukhola. Ndiiyendetsa chisanu chonse."

Akazi awo, a Verna, anangoika kapu patebulo. Sanadabwe, sanakwiye. Anangomva kutopa, kutopa kuja kofika m'mafupa komwe tulo sitichiza.

Kwathu kuno kumtunda kwa Michigan, chipale chofewa chikayamba kugwa boma limawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Mcherewo umadya galimoto kuyambira kunsi, moti pomwe mwini wake akuona dzimbiri pachitseko, pansi pamakhala patatha kale. N'chifukwa chake aliyense wokonda galimoto yake amakaigoneka m'khola la ng'ombe la pabwalo la chionetsero cha zaulimi. Ikakwana folo koloko ya Loweruka limeneli, Duane woyang'anira bwalolo amamanga zitseko ndi tcheni, ndipo satsegulanso mpaka pakati pa Epulo. Ulire, unyengerere, satsegula, poti galimoto zimathithikana mphuno kumchira.

Ya a Reino inali yofiira, ya mipando iwiri, yokwawa pansi ngati buluzi, yaliwiro loti munthu wanzeru zake sangalifune. Zaka makumi awiri ndi zitatu inali isanalawepo mchere. A Verna ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo anatha mawu ndi kunena kuti, "Yendetsani, bambo, kodi munagulira kupukuta?" Yankho linali limodzi chaka ndi chaka: mchere. Ndiye lero munthu maso atatha m'pamene akufuna msewu!

Mu Ogasiti dokotala wa mumzinda wa Marquette anawauza mosapsatira kuti pakati pa maso onse awiri pakufa, kwatsala m'mbali mokha. Laisensi inali kutha mu Marichi, ndipo mayeso a maso a Reino sakanakhozanso. Chiyambire pamenepo a Verna sankawalola kuyenda okha. Ankakhala pambali n'kumalankhula ngati akungocheza: "Loboti iyo yafiira msanga bwanji," kapena, "Taonani mwana wa njinga uyo, alibe chipewa." Onse awiri ankadziwa ntchito ya machezawo, koma panalibe woitchula.

"Ndiye mchere uja wasanduka shuga?" anafunsa a Verna.

"Idye dzimbiri, ilekeni. Ndikusungira ndani? Epulo akamafika ine laisensi ndilibe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mayi. Miyezi isanu yatsalayi ndi yanga."

"Yanu ndi ya ana a sukulu odikira basi pamphambano paja."

"Matayala a chisanu ndaika kale Lachinayi. Simunaone?"

"Matayala ali ndi maso?"

A Reino anapitiriza kupaka batala pabuledi ngati sanamve. Kuuma mutu kwa amuna a banja limeneli n'kodziwika mpaka kutchalitchi.

Chomwe chinawavuta a Verna n'choti bambowo sanali kunena zopusa zokhazokha. Munthu wasunga chinthu zaka zonsezi osachidyerera, lero umuuze kuti kachitsekere, ukudziwa kuti chikamadzatuluka si iye wodzachiyendetsa? Komabe ankaona bwino zomwe zinali kubwera ngati tcheni la Duane likanamangidwa galimotoyo ili kunyumba. Ikanakhala miyezi isanu yobisa makiyi, yomvetsera chitseko cha galaja, yodzidzimuka foni ikalira. Mphamvu za upolisi woterowo analibe.

"Ndikukamuuza Duane kuti malo anga apatse wina," anatero a Reino akuvala jekete. "Lero musanditsatire pa pikapu, palibe chokasiya. Kwerani muno. Koma pakamwa mutseke. Ndikufuna ndione ndekha."

"Ndikaona thiraki ikubwera?"

"Mupemphere chamumtima."

Anakwera. Mpando wake unali wotsika moti mawondo a mayiwo anadandaula. Injini inabangula, galu wa oyandikana nawo n'kuthawira kuseri.

Ndipo a Reino anayendetsa bwino, n'zimene zinawapweteka a Verna. Mutu anaupendeketsa pang'ono ngati nkhuku yoyang'ana mphamba, manja onse pachiwongolero, magiya akulowa mosakhumudwa. Pamphambano anaima bwinobwino. Pamlatho anadutsa pakati penipeni pa mbali yawo. Akutuluka m'tauni anaponda pang'ono, galimoto n'kuwakankhira kumsana, ndipo bambowo anaseka mokweza, kuseka komwe a Verna anali asanakumve chichokere kwa dokotala. Mayiwo anafuna kusangalala nawo, koma mtima unakana. Ankangowerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu, akudziwa kuti nkhondoyi aigonja.

Chipale chinawapeza pafupi ndi mgodi wina wakale. Chinayamba ndi timadontho tosungunukira pagalasi, kenako chinakhuthuka chenicheni, chonenepa, chosafulumira. Posakhalitsa phula lonse linayera.

Galimoto inayamba kuchepetsa liwiro. Kenako inayamba kusendera kumanzere, pang'onopang'ono, kulowera mbali ya obwera. A Verna anagwira pakamwa ndi dzanja. Anali atauzidwa kuti asalankhule, ndipo kutsogolo kunalibe kanthu. A Reino anapendeketsa mutu uku, n'kupendeketsanso uko. Mapeto ake anaponda buleki, galimoto n'kuima pakati penipeni pa msewu.

"Mayi," anatero motsitsa, "mzere wachikasu uja wapita kuti?"

Apa m'pamene a Verna anazindikira. Miyezi yonseyi amuna awo sankaona msewu ayi. Ankatsata mzere wapakati uja ndi ngodya ya diso, monga munthu woyenda mumdima atagwira chingwe. Tsopano chipale chinali chitaukwirira, ndipo kwathu kuno mzere ukakwiririka umadzaonekanso bwino mu Epulo.

Kumbuyo kunalira hutala yaikulu. Inali thiraki ya boma yowaza mchere, magetsi ake akuphethira. Woyendetsa anatsitsa galasi.

"Madala! Mwaugula msewuwu? Kachidoleko kagonekeni, nyengo yake yatha!"

Anawalambalala cha kumanja, mchere n'kuwazikira pachitseko chofiira chija, kuti waa, ngati mpunga wothira m'beseni. Zaka zina a Reino akanatuluka ndi nsalu m'manja, akutukwana boma lonse. Lero sanacheuke n'komwe.

"Lankhulanitu," anatero.

"Pang'ono kumanja. Onjezani. Basi, wongolani pomwepo. Tiyeni."

Anayenda choncho makilomita atatu otsalawo, mayi akunena, bambo akumvera. Nthawi ino sanabise kuti ndi macheza.

Pabwalo la chionetsero anapeza Duane ali pakhomo la khola, kabuku m'manja, chipewa chitaphimba makutu. M'kati munali mabwato awiri okha, kumapeto kwenikweni.

"Ee, a Salmela m'mawa uno? Kwagwanji?" anafuula Duane. "Si inu mumakhala pabwalo pano tsiku lonse, kudya chitumbuwa cha nyama, kudikira aliyense alowe kuti yanu ikhale yapakhomo? Musadandaule, malo anu ndasunga. Epulo mudzatuluka oyamba ngati kale." Kenako anaona chitseko. "Koma abale! Mchere pagalimoto ya a Salmela? Mayi, bambowa ali bwino? Ndibweretse paipi titsuke?"

A Verna anadikira kuti amve mawu aja, oti malo apatse wina. Koma a Reino analoza m'kati mwa khola, injini ikulira chapansipansi.

"Ndiike kumapeto uko," anatero.

"Kumeneko n'kwa mabwato a anthu a ku Chicago, akulu. Amenewo amabwera mu Juni. Mukalowa uko, kutsogolo kwanu kudzaza galimoto makumi anayi."

"Ndikudziwa, Duane. Ndinayamba kubwera pano iwe usanamere ndevu. Tsogola, uziwomba m'manja kuti ndizimva pomwe uli."

Duane anayang'ana a Verna. Mayiwo anagwedeza mutu pang'ono, iye n'kusiya nthabwala. Anayenda chobwerera m'mbuyo akuwomba m'manja, galimoto ikumutsatira m'khola lonunkha udzu wouma mpaka pafupi ndi mabwato. A Reino anazimitsa injini. Nsalu yofunditsira sanabwere nayo, mankhwala a mbewa sanabwere nawo, chifukwa sanachoke kunyumba ndi maganizo osiya galimoto. Anangovula jekete lawo n'kuliyala pachiwongolero.

"Wodzatenga ndilembe inu, eti?" anafunsa Duane, akumanga kapepala kumakiyi.

"Lemba mayiwa. Adzaona okha chochita nayo."

A Verna anali atapeza chomwe anapempherera milungu yonseyi. Panalibenso zobisa makiyi, ana a pamphambano anali pamtendere. Koma chimwemwe sichinabwere. Anamva chisoni chokhachokha, ndi manyazi pang'ono, ngati kuti ndi iwo amene anawalanda amuna awo chinthucho.

Atatuluka panja anapeza galimoto zina zayamba kufola, eni ake akuthamangitsana ndi chipale, aliyense ndi womutsatira pambuyo woti abwerere naye. M'pamene a Verna anakumbukira kuti pikapu ili kunyumba.

"Nanga ife tibwerera pa chiyani?"

"Ine pano sindichoka mpaka folo," anatero Duane mopepesa. "Tsidya la msewu pali pogulitsira khofi, mukafundeko. Ndikapeza wolowera kwanu ndimuuza akutengeni."

A Verna anauyamba, mutu pansi, chipale chikuwalowa m'khosi. Atayenda mapazi khumi anamva kuti ali okha. Anacheuka. Amuna awo anali ataima pomwe anawasiya, atavala juzi yokha, pakati pa bwalo loyera mbee, akupendeketsa mutu uku ndi uko. Anali atatambasula dzanja limodzi.

"Ndigwireni, mayi," anatero. "Chipata sindikuchiona."