Njerwa za Chidikiro

A Husna sanali munthu woyankhula pagulu. Moyo wawo wonse unathera padoko la mudzi wawo, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, akutumbula milamba ndi kuiwamba, ndipo mawu awo ankakwera pokhapokha mphamba akawazembera pathandala. Ndiye tsiku limene amayi a midzi ya kunyanja anagwirizana zokatula dandaulo lawo ku konselyu ya ku posto, likulu la boma la dera lawo, n'kuloza iwo kuti ndiwo akawayankhulire, a Husna anakana kwamtuwagalu.

"Ine Chipwitikizi sindichidziwa. Ndikaima bwanji pamaso pa anthu a zolembera m'matumba?"

"Inu mukangonena zimene munaona, Bibi," anatero amayi anzawo. "Kutanthauzira ndi kwa a Rabeca."

A Rabeca anali mayi wogulitsa mpunga pamsika wa ku Chiuta, mmodzi mwa amayi ochepa okhala mu konselyuyo, bwalo limene akuluakulu a midzi, amalonda, a mipingo ndi a mizikiti amakumana ndi a shefe a posto, mkulu wa boma kumeneko, n'kukambirana za dera lawo.

Zimene a Husna anaona zinachitika dzinja lapitalo. Mwana wawo wamkazi, Sabrina, anali ndi pakati poyamba. Matenda anamuyamba masiku asanakwane, mvula itagwa mosalekeza, dambo la pakati pa mudzi ndi chipatala litasanduka nyanja ina. Njinga yamoto inakanika kuwoloka. Amuna anamunyamula pamachira, madzi akuwalekeza m'chiuno, a Husna akutsatira pambuyo ndi mtolo wa nsalu pamutu. Sanakafike. Mwana anabadwira pansi pa mkuyu, kutsidya kwa dambolo, ndipo sanalire. Sabrina anapulumuka, koma anatha miyezi osaseka.

Chimene amayi ankafuna tsono chinali chidikiro, nyumba yoti mayi woyembekezera azikakhalamo pafupi ndi chipatala masiku akayandikira. Maso awo anali pa armazeni yakale ya boma, chinyumba cha malata chosungiramo katundu, chimene chinangokhala chotseka kuseri kwa msika, mbuzi zikubisala dzuwa pakhonde pake.

Tsiku la msonkhano amuna awo, Che Zubairi, anawakweza panjinga m'mamawa. Atafika ku posto, bamboyo anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kunena kuti adikirira pomwepo. A Husna analowa okha. A Rabeca anawakodola n'kuwakhazika pambali pawo pabenchi.

Nkhani zinali zambiri ndipo zinkayenda pang'onopang'ono ngati bwato lodzaza. Anayamba ndi zimbudzi za pamsika zimene zinagwa ndi mvula. Kenaka anakangana za ng'ombe zolowa m'minda ya mpunga, mpaka bambo wina anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. Inabwera ya mlatho wamitengo umene chiswe chinaudya, inabweranso ya asodzi ophera nsomba masikito. A shefe ankayankhula Chipwitikizi, ena n'kumayankha m'Chichewa, ena m'Chiyao, ndipo a Rabeca ankangowanong'oneza a Husna mitu ya nkhani. Dzuwa linafika pamutu, malata akutentha, anthu akudzipepesa ndi mapepala.

"Tsopano nkhani ya armazeni," anatero a shefe. "Oipempha alipo awiri."

A Husna anadzidzimuka. Sankadziwa kuti pali winanso.

Anaimirira a Vitorino, wamalonda wa galimoto lalikulu lobiriwira, munthu wodziwika mpaka ku Entre Lagos, kumene kuli siteshoni ya sitima. Anayankhula modekha, mopanda matama. Anati akufuna nyumbayo kuti aziguliramo mpunga ndi nandolo pompano, alimi asamavutike kupalasa njinga ndi matumba mpaka kusiteshoni ya sitima. Anati aikonza yekha, denga ndi zitseko zomwe. Anthu ambiri anagwedeza mitu, pakuti panalibe amene msana wake sunaudziwe ulendo umenewo.

Kenaka a shefe anaitana dzina la a Husna.

Anaimirira atagwira nsonga ya mpango wawo. A Rabeca anaimirira nawo limodzi n'kuwagwira pachigongono.

"Akuluakulu, ine ndine wowamba nsomba, sindidziwa kuyala nkhani," anayamba motero. "Ndabwera chifukwa mdzukulu wanga ndinamulandira ndi manja angawa pansi pa mtengo, mvula ikutinyowetsa. Ndinamukulunga m'nsalu imene ndinagula kuti ndidzamuberekere kumbuyo. Nsalu yomweyo ndi imene anapita nayo kumanda. Chipatala chinali pafupi, denga lake tinkaliona. Mwana wanga akanakhala ndi pogona kuno masiku amenewo, bwenzi lero ndikutchedwa agogo. Si ine ndekha. Funsani kumidzi ya kunyanja, akuuzani. Sitikupempha nyumba yokongola ayi. Tikupempha pogona pouma, pafupi ndi anamwino."

A Rabeca anamasulira m'Chipwitikizi, koma pofika pa nsalu paja mawu anawathera, ndipo a shefe anakweza dzanja. "Ndamva, mayi. Chichewa ndimachimva."

A Husna anakhala pansi akuganiza kuti nkhani yatha, nyumba ndi yawo.

Koma anaimirira namwino wamkulu wa pachipatalapo, mayi wamng'ono thupi, wovala zoyera. Anayamba wayang'ana a Husna, nkhope yake ili ndi chisoni.

"Bibi, Sabrina ndinamulandira ndine tsiku lija, ndipo chidikiro ndikuchifuna kuposa wina aliyense muno. Koma armazeni ija ayi. Munkasungidwa mankhwala opopera thonje kwa zaka zambiri. Ndinalowamo sabata yatha, fungo lake likadali m'makoma ndi pansi pomwe. Mayi woyembekezera sangagone mmenemo. Tikhala tikuthawa madzi n'kukagwera m'poizoni. Ngakhale a Vitorino, mbewu zawo asaikemo asanapale pansi n'kuthira simenti yatsopano."

Panalibe wotsutsa. A shefe anafunsa maganizo a bwalo, manja anakwera, ndipo armazeni inapita kwa a Vitorino.

A Husna anaweramitsa mutu. Ankaona nkhope za amayi a kwawo zikuwadikirira padoko, ndipo ankadzifunsa kuti akawauza chiyani. Anavula chinsinsi cha mtima wawo pagulu, pamaso pa amuna achilendo, n'kubwerera chimanjamanja. Anayamba kufunafuna nsapato zawo pansi pa benchi kuti atuluke.

"Dikirani, Bibi," a Rabeca anawakoka chitenje. "Msonkhano sanautseke."

A shefe anali akunong'onezana ndi mlembi wawo. Atatha anati: "Nyumba yapita, koma pempho la amayiwa silinayankhidwe. Kuseri kwa chipatala kuli malo a boma ongomera udzu. Amenewo, bwalo likavomera, tiwapereka lero lomwe. Malata ndi simenti ndikapempha kwa akuluakulu a boma ku Insaca, koma ndisakunamizeni, yankho la kumeneko silithamanga. Chimene ndilibe ndi khoma. Mvula ili pafupi, nthawi youmba njerwa yatithera."

Apo ndi pamene anakhosomola bambo wina wachikulire amene anakhala chete tsiku lonse pakona. Anali a Efraimu, mlimi wa kumtunda, mkulu wa mpingo, mmodzi mwa anthu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera mtendere utabwera. A Husna ankangowadziwa nkhope, sanayankhulanepo.

"Njerwa zilipo," anatero a Efraimu. "Ndinaotcha uvuni chilimwe chino kuti ndimange nyumba yanga. Zapsa bwino, zikulira ngati belu. Katengeni."

"Nanga nyumba yanuyo, bambo?" anafunsa a shefe.

"Imene ndikugonamo sinagwe. Dothi silinathe kumunda kwanga, ndidzaumba zina. Koma mwana wobadwira panjira sitingamuumbenso."

Anthu anayamba kuyankhula onse nthawi imodzi. A Vitorino anati galimoto lawo litutako njerwazo, ndipo malata abwino amene atsale pokonza armazeni apita kuchidikiro. Woimira asodzi anati mitengo ya denga ndi ya iwo. Shehe wa mzikiti wa pamsika anati anyamata ake amadziwa kumanga. Mlembi ankalemba thukuta lili kamukamu, akuwapempha kuti aziyankhula mmodzimmodzi.

A Husna anangogwada pomwepo, pakati pa mabenchi, n'kuwomba m'manja mofatsa kuloza kwa a Efraimu, kenaka kwa namwino, kenaka kwa bwalo lonse, misozi ikutsika. Atatuluka, Che Zubairi anawayang'ana m'maso ofiirawo n'kufunsa mwamantha ngati awakaniza.

"Atikaniza, kenaka atipatsa," anayankha a Husna. "Palasani, ndikuuzani panjira."

Komabe kunyumba chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere. A Rabeca anali atawauza kuti akazi a a Efraimu, a Débora, akhala akudikirira nyumba ya njerwayo kuyambira kale, ndipo madzi oumbira ankatunga okha kudambo. Mwamuna anapereka pagulu, koma thukuta linali la awiri. Choncho tsiku lokatuta njerwa a Husna anasankha milamba yonona kwambiri pa imene anawamba, anaiyala mudengu, n'kukwera nawo galimoto la a Vitorino.

Anawapeza a Débora ataima pafupi ndi uvuni, manja ali m'chiuno, akuyang'ana anyamata akuphwasula njerwa. Kumbuyo kwawo kunali kanyumba kadothi kofolera udzu, khoma lina litachirikizidwa ndi mtengo. A Husna ataona khomalo manyazi anawagwira. Anatula dengu pansi n'kugwada.

"Mayi, ndine Husna wa kunyanja. Ndine ndinayambitsa zonsezi. Ndabwera kudzathokoza, komanso kudzapepesa."

A Débora anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu amene mwandilanda nyumba?"

"Ndine, mayi."

"Dzukani, musadetse chitenje." Anawagwira dzanja n'kuwadzutsa. "Sindikubisirani, bambowa atabwera n'kundiuza, ndinawayankhula mawu amene mkazi wa mkulu wa mpingo sayenera kuyankhula. Ndiwo ndinawapatsa zopanda mchere dala. Munthu n'kupereka njerwa zanga osandifunsa! Koma atandifotokozera za mwana wanu, ndinakhala pansi. Ine mwana wanga woyamba ndinaberekera panjira, tikuthawa nkhondo, m'bango m'mbali mwa nyanja yanu yomweyo. Amene anandithandiza anali amayi achisilamu a padoko lina, sindinawadziwe ngakhale maina. Anandifunditsa nsalu zawo, amuna awo n'kutiwolotsa pabwato. Mwanayo lero ndi mphunzitsi ku Cuamba. Ndiye ndinawauza bambowa kuti mwalakwa posandifunsa, koma njerwazo zipite."

A Husna anagwira pakamwa. Ankafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mulungu akusungeni, mayi. Akusungeni inu ndi ana anu."

"Atisunge tonse. Nanga mudengumo muli chiyani?"

A Husna anavundukula. Fungo la milamba linafika mpaka kwa a Efraimu, amene ankathandiza anyamata kuseri kwa uvuni, ndipo anasuzumira akumwetulira.

"Inu musayang'ane kuno," anatero a Débora. "Izi ndi za mwini njerwa."

Anyamata anaseka, a Efraimu n'kubwerera kuntchito akupukusa mutu. A Débora anakalowetsa dengu m'nyumba, anatuluka atamanga chitenje cha kumunda, n'kupatsa a Husna nkhata.

"Tiyeni tisenze, anyamatawa akuswa zambiri. Ndipo mukauze amisiri anuwo kuti khomo liyang'ane kum'mawa, mphepo ya mvula isamalowe. Ndidzabwera kudzaona ndekha."

Amayi awiriwo anasenza njerwa mpaka galimoto linadzaza, akufunsana za ana, za minda ndi za mitengo ya nsomba. Pochoka, a Husna anakwera pamwamba pa njerwazo, fumbi lofiira lili thupi lonse, atagwira zapakona kuti zisagwe pamabampu.

Chidikiro chinafoleredwa mvula yoyamba itagwa kale, mbali ina malata, mbali ina udzu, poti yankho la ku Insaca linali lisanafike. Amayi a kunyanja anagawana masabata okasesa ndi kutunga madzi, ndipo a Husna anapempha kuti sabata yoyamba ikhale yawo.