Chitseko cha Chipinda cha Wayilesi

Kwa miyezi iwiri mwana wamkazi wa kalipentala ankangodzitsekera m'chipinda. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Pakhomo ankamutcha Wayilesi, chifukwa kale sankakhala chete ngakhale chakudya chili m'kamwa. Tsopano ankadya pang'ono, ankagona masana, ndipo yunifolomu inangokhala pamsomali. Ahedi anatumiza kalata yoti akapanda kubwerera kusukulu mwezi usanathe, dzina lake lichotsedwa pa olemba mayeso.

Mayi ake anayesa kumunyengerera, anayesanso kumukalipira, koma osaphula kanthu. Bambo ake ankakhulupirira kuti chilichonse chimakonzedwa ndi zida. Anati umenewu ndi ulesi ndi mwano basi. Lolemba m'mawa anamasula chitseko cha chipindacho n'kupita nacho kushedi kumene ankapalira matabwa. Anati aone ngati munthu angadzitsekere popanda chitseko. Mtsikanayo anangotembenukira kukhoma n'kufunda bulangeti mpaka kumutu.

Lachitatu anesi a pachipatala chapafupi anabwera kudzatenga shelefu yawo. Anaona chitseko chitatsamira khoma, m'mphepete mwake muli timizere ta pensulo toyezera msinkhu wa mwana chaka ndi chaka. Anafunsa mwanthabwala ngati akalipentala ayamba kugulitsa nyumba yawo pang'onopang'ono. Iye anaseka mosafuna, kenako anafotokoza zonse.

Anesi anakhala pabenchi, chikwama pamiyendo, ndipo sanamudule mawu. Atamaliza anamufunsa kuti zinayamba liti, mwanayo akudya bwanji, ndiponso ngati anzake amabwerabe. Anati zizindikirozo zikufanana ndi matenda ovutika maganizo, omwe amagwira achinyamata ambiri ndipo amachizika.

"Thabwa likapindika ndi chinyezi, mumaliwongola ndi hamala?" anafunsa anesi.

"Lingang'ambike," anatero kalipentala.

"Ndiye kabwezereni chitsekocho, bambo. Mukatero mugogode, n'kudikira."

Anamulangizanso kuti mwanayo akayamba kulankhula, amufunse mosabisa ngati amaganiza zodzivulaza kapena kudzipha. Anati kufunsa sikudzala ganizolo m'mutu mwa mwana, ndipo akavomera asadikire mawa, apite naye kuchipatala.

Kalipentala anasenza chitseko masana omwewo, msewu wonse ukuona. Mkazi wake anamufunsa ngati chitsekocho chayenda bwino kutchuthi. Iye anangopitirira nacho kuchipinda cha mwanayo. Anachibwezera pamalo pake, anachitseka yekha, kenako anagogoda. Mwanayo sanatsegule.

Tsiku lotsatira anagogodanso, n'kukhala pansi pakhonde akusalaza mwendo wa mpando. Anasiya maoda awiri kushedi, koma sanachoke. Tsiku lachitatu chitseko chinatseguka pang'ono.

"Bambo, sindikudziwa chimene chandichitikira," anatero mtsikanayo. "Ndimangotopa. Ndimaona ngati ndine mtolo pakhomo pano."

Mawu ambiri anafika pakamwa pa kalipentala, a fizi, a mayeso, a mmene iye anakulira movutika. Anawameza onse. Anapepesa za chitseko, kenako anafunsa funso lovuta lija. Mwanayo anayang'ana pansi, nati ganizolo linamubwerera kawiri.

"Vala nsapato, mwanangu. Tipite limodzi, mayi akonso akubwera."

Kuchipatala anesi anawalandira osatchula za chitseko. Adokotala anamuyeza mtsikanayo, ndipo anayamba kukumana ndi mlangizi sabata iliyonse. Makolo nawo anaphunzitsidwa kumvetsera osaweruza ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa. Mayi ake anakafotokozera ahedi, omwe analola kuti ayambe ndi maphunziro a m'mawa okha. Dzina lake linakhalabe pa olemba mayeso.

Sanachire tsiku limodzi. Panali masabata ena olemera, ndipo bambo ake ankagogodabe. Koma mayeso analemba. Tsiku lomaliza anadzera kushedi, anakhala pabenchi ija n'kufotokoza funso lililonse, mpaka kalipentala anasiya kupala thabwa kuti amve bwino. Kasitomala wina anadandaula kuti akuchedwa. Iye anamuuza kuti adikire, Wayilesi ikuwerenga nkhani.

Wachinyamata akasintha khalidwe kwa masabata angapo, akasiya kudya, anzake kapena sukulu, tisafulumire kunena kuti ndi mwano. Akhoza kukhala kuti akudwala. Timufunse modekha, timumvetsere, ndipo tipite naye kuchipatala msanga.