Indiketa Yakumanja pa Lirangwe

Galimoto ina yoyera inandimamatira kumbuyo tisanafike pa Lirangwe. Magetsi phethiphethi, hutala pipiii, ngati msewu anagula. Nditasuzumira pagalasi mtima unangoti myu! Anali a Howard, bwana wanga, eni ake a lole ya mchenga imene ndinkayendetsayo. Ankathamangira ndege ku Chileka.

Ife madalaivala a malole tili ndi kalankhulidwe kathu. Ndikayatsa indiketa yakumanzere ndiye kuti dutsa m'bale, kutsogolo kuli bwino. Ndikayatsa yakumanja, khala pomwepo, pali chimene ndikuona iwe sukuchiona. Ndinayatsa yakumanja.

Ndinali nditaona masamba oyalidwa pa tala, chizindikiro cha maliro. Kutsogoloko, pokhota, anthu anali atayamba kuwoloka msewu ndi bokosi kupita kumanda, azimayi a mvano akuimba pambuyo.

Foni inalira.

"Iwe Lyford, patuka!"

"Bwana, kuli maliro, akuwoloka."

"Maliro ndi ako? Ndingolambalala ine. Ukapanda kupatuka, ntchito yatha lero lomwe."

Asa! Kulambalala pati, pa anthu? Ndinawaona akutulutsa mphuno ya galimoto kumanja. Nane ndinakhotetsa lole n'kukhala pakati penipeni pa mzere woyera. Anabwerera kumanzere, ine komweko. Osanama, ndinkaopa. Mkazi wanga Ethel anali woyembekezera, ndipo ntchito ya lole sumangoitola panjira. Koma mkwiyo unaposa mantha.

Ndinaimika loleyo chopingasa, kuzimitsa injini, kutsika. A Howard anatuluka thukuta kamukamu, tayi ili paphewa, akundiloza ndi chala m'maso.

"Ndiwe ndani iwe wonditsekera msewu ndi lole yanga yomwe?"

"Lole ndi yanu, bwana. Anthuwa si anu."

"Bweretsa makiyi!"

Ndinawaika pa boneti ya galimoto yawo, bwinobwino, osaponya. Ndinavula chipewa.

"Makiyi ndi awo. Muichotse nokha, koma bokosi likawoloka."

Anakuwa, anatukwana mpaka mayi anga amene sanawaonepo. Madalaivala a minibasi amene anaima kumbuyo anangowayang'ana, wina n'kutsitsa wailesi. Palibe anaimba hutala kupatula iwowo.

Ine ndinalibenso chochita pamsewupo. Ndinalowa m'gulu la anthu aja, fumbi la mchenga lili mbuu m'mutu. Wonyamula bokosi wina atatopa anandikodola, ndipo ndinaika phewa. Malemuyo sindinkamudziwa n'komwe, kaya anali bambo kaya mayi. Bokosi linkalemera, m'mutu muli Ethel yekhayekha, kuti ndikamuuza chiyani madzulo.

Kumsewu kuja bwana anali akuitanabe dzina langa, tsopano monyengerera, poti lole inawakanika kuliza. Sindinacheuke.