Galimoto Imene Inasiya Kulira

Pagalaja paja panalibe amene ankatchula dzina lenileni la mkuluyo. Aliyense ankangoti a Makutu, ndipo dzinali silinabwere chifukwa choti makutu awo anali aakulu ayi. Masiku awo, galimoto ikamalowa pageti iwo ali chigonere kunsi kwa ina, ankafuula asanaione n'komwe: "Imeneyo yafa pulagi yachitatu!" Mukatsegula boneti, inalidi yachitatu. Injini yovuta ankaigunditsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali, chogwirira n'kuchiika kukhutu, n'kutsinzina. Akamatsegula maso, matenda apezeka.

Atakalamba anasiyira galajayo mkamwini wawo, munthu amene anamuphunzitsa okha ntchito kuyambira kutsuka mabawuti mpaka kumanga giyabokosi. Iwo anangotsala ndi kagalimoto kawo kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga, kakale kuposa ana awo onse. Injini yake inali yaing'ono, ya masilinda anayi, ndipo anaiphwasula n'kuimanga ndi manja awo katatu konse. Mkamwini uja ankaikonda injiniyo kuposa ina iliyonse imene anaigwirapo, chifukwa ndi imene anaphunzirirapo kumva kulira kwa injini yopanda vuto.

Tsiku lina Lolemba m'mawa kagalimotoko kanalowa pageti, a Makutu ali pachiwongolero, nkhope itagwa.

"Akamwini," iwo anatero osazimitsa injini, "galimotoyi yatha."

Mkamwini anapukuta manja, natsegula boneti n'kutchera khutu. Injini inkalira mosalala ngati makina osokera atsopano. Panalibe kugogoda, panalibe kutsokomola, utsi unali bwinobwino.

"Mukumva?" anatero a Makutu. "Siikuliranso. Kale ndikaponda moto anthu ankatembenuka ndili kutali. Lero ndimachita kuyang'ana singano ya padashibodi kuti ndidziwe ngati yalira. Mphamvu zatha, basi."

Mkamwini anatseka boneti. Ankadziwa pamene panali vuto, ndipo banja lonse linkadziwa kwa zaka ziwiri. Wailesi ya a Makutu inkamveka nyumba zitatu. Iwo ankadandaula kuti atambala a masiku ano ndi aulesi, mafoni opangidwa tsopano salira, ndipo ana amakono amalankhulira m'mphuno. Zonse zinali zitawonongeka padziko, kupatula makutu a a Makutu.

"Ine ndikuimva bwinobwino, bambo," anatero mkamwini chapansipansi, maso ali pansi, monga ankachitira nthawi zonse polankhula ndi apongozi ake.

"Eya! Mwaonatu, inunso mwavomereza," anatero mkuluyo mokondwa. "Ndiye tamverani. Kuseri kuja kuli injini ya chigalimoto chija chinagubuduzika chaka chatha. Masilinda eyiti. Imeneyo tiike muno."

Madzulo a tsikulo mkamwini anapeza mkazi wake akusita yunifolomu. Mayiyu anali namwino, munthu amene tsiku ndi tsiku ankauza anthu osawadziwa nkhani zowawa maso ali gwa.

"Akazi anga, muwauze bambo," iye anatero. "Akufuna ndichotse injini yabwinobwino. Ndipo kuti inayo ilowe, galimotoyo ndiyenera kuidula. Ndikadula sidzabwereranso mwakale."

"Muwauze ndinu. Ndinu makaniko."

"Ndi bambo anu."

"Ndi abwana anu," anatero mkaziyo, natembenuza malaya. "Achimwene anayesa chaka chatha, anawagulira kachipangizo koika m'khutu kaja. Mwaiwala? Anawanyanyala miyezi itatu. Amuna anga, munthu amene dzina lake ndi Makutu mukamuuza kuti makutu atha, mwamuuza kuti watha ndi iyeyo. Ine ndilibe mtima umenewo."

Mkamwini nayenso analibe. Anadzilimbitsa kuti mkuluyo akaona kukula kwa ntchitoyo asintha yekha maganizo, ndipo anagona ndi chiyembekezo chimenecho.

A Makutu sanasinthe. M'mawa mwake anafika atavala ovolosi yawo yakale, itachapidwa n'kusitidwa, natenga mpando n'kukhala pakhomo pa galaja. Anayang'anira pamene injini yaing'ono ija inkakwezedwa ndi tcheni n'kuikidwa pakona pa matayala awiri. Mkamwini anaifunditsa lona, manyazi atamugwira ngati waba.

Kenako anabweretsa inayo. Itangolendewera pamwamba pa kagalimotoko, aliyense anaona kuti nkhani yavuta. Wowotcherera wa pagalajapo, bambo wosadziwa kubisa mawu, anaizungulira kawiri ndi tepi n'kupukusa mutu.

"Bwana, iyi siilowa. Pokhapokha tidule chitsulo chopingasachi, tidulenso khoma la kutsogolo kwa mapazi. Koma tikudula mwendo wa munthu amene sakudwala."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji osawatsina khutu madalawa?"

Atangotero anazindikira chimene wanena, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mkamwini sanaseke. Anaika pansi galaindala yodulira zitsulo, napita pamene panali apongozi ake, n'kugwada pa bondo limodzi. Mawu anali atawakonza bwino mumtima, koma atafika pamenepo anatuluka ofooka.

"Bambo, ndimati ndinene. Injini ijatu ilibe vuto. Mwina vuto lingakhale kwina."

A Makutu anamuyang'ana pakamwa, nagwedeza mutu mwachifundo, n'kumugwira paphewa.

"Musaope, mwana wanga. Ndikudziwa mukuimvera chisoni. Dulani. Galimoto ndi yanga, mlandu ndi wanga."

Apa panangofunika kubwereza mawu omwewo mokweza. Koma iye anali asanakwezepo mawu pamaso pa bambo amenewa kwa zaka makumi awiri, ndipo pakhomo panali anthu awiri odikira galimoto zawo. Anadzuka, natola galaindala, n'kudula. Chitsulo chitagwa pansi anamva kupepukidwa, ndipo kupepukidwako ndi kumene kunamunyansa kwambiri: tsopano kunena kunalibenso phindu, choncho sankayeneranso kunena.

Ntchito yoika injini yaikulu m'galimoto yaing'ono ili ndi khalidwe lake: ukakonza ichi, chimakwiyitsa icho. Injini italowa, rediyeta inasowa malo, ndiye anaisunthira kutsogolo mpaka kugunda bampala. Kulemera kwake kunagwetsa mphuno ya galimoto, ndiye anasintha masipuling'i. Giyabokosi yakale sikanatha kupirira mphamvu zimenezo, ndipo yatsopanoyo inali yonenepa moti anang'amba pansi pakati pa mipando, wokwera n'kutsala ndi malo a phazi limodzi. Shafuti anaifupikitsa. Batire inasamukira kubuti. Pamapeto boneti inakana kutsekeka, ndipo wowotcherera anaiboola pakati kuti kabyuleta isuzumire kunja.

A Makutu anali asanasangalalepo chotere chipumireni pantchito. Ankafika anthu onse asanafike. Maso awo anali akuthwabe: ali chikhalire pampando ankaloza ndi ndodo bawuti imene yaikidwa popanda washa. Manja awonso ankadziwabe pamene nati yakwana, osafuna sipanala ya muyeso. Mkamwini ankawayang'ana akuseka ndi wowotcherera, n'kumadziuza kuti mwina zili bwino choncho, galimoto iwonongeke koma munthu akondwe. Ankadziwa kuti akudzinamiza, koma bodzalo linkamuthandiza kugwira ntchito.

Atafika pa ekizosi, pamene pamakhala sailensa yochepetsa phokoso, mkuluyo anadzuka pampando.

"Sailensa musaike. Imeneyo ndi imene imadya mphamvu. Mapaipi awiri basi, olunjika kumbuyo."

"Bwana wamkulu, tigwetsa denga!" anafuula wowotcherera.

"Inde, zenizeni," anatero a Makutu.

Patatha milungu itatu, Loweruka masana, anaikankhira pabwalo. Mbiri inali itafala mumsewu wonsewo. Mayi wosoka zovala wa kutsidya anatuluka tepi ili m'khosi, wometa anabwera ndi kasitomala wake wometedwa mbali imodzi, ndipo namwino uja anafika kuchokera kuntchito n'kuima pageti chikwama chili m'manja. Kagalimotoko kanali kataima ndi chotupa pamphuno, zipsera za kuwotcherera zili mbali zonse. Mkamwini anakayang'ana n'kukumbukira mmene kanalili, ndipo anafuna kulira.

A Makutu analowa, nakhala bwino, napukuta chiwongolero ndi mpango. Anapotokola kiyi.

Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi. Malata a galaja ananjenjemera, nkhunda zonse za padenga zinabalalika, kapu ya wowotcherera inayenda yokha pabenchi mpaka kugwa. Mkamwini anamva phokosolo m'mano.

Mkuluyo anapendeketsa mutu, natsinzina monga ankachitira kale. Anakwinya nkhope. Anaponda moto pang'ono, kenako kwambiri, kenako mpaka pansi. Galimoto yonse inagwedezeka, mapaipi akulavula moto. Iwo anapukusa mutu mokhumudwa, natsegula maso kuti auze mkamwini wawo kuti nayo iyi ndi yofooka.

Apo ndi pamene anaona anthu aja. Mayi wosoka anali atatseka makutu ndi manja onse awiri. Wometa ndi kasitomala wake anali atathawira kuseri kwa mpanda. Wowotcherera, munthu amene ankagwira galaindala tsiku lonse osatsinzina, anali atalowetsa zala m'makutu, mapewa atakwera. Mwana wawo, namwino uja, pageti paja anali atagwetsa chikwama, manja ali kumutu, misozi ikutsika. Ndi mkamwini yekha amene anaima manja ali m'mbali, chifukwa ankaona kuti kutseka makutu pamaso pa apongozi n'kupanda ulemu.

A Makutu anayang'ana anthuwo mmodzimmodzi. Anayang'ana singano, imene inali itafika pofiira. Kenako anachotsa phazi, nazimitsa injini.

Anthu anatsitsa manja pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana kwina. Mkuluyo anachotsa manja pachiwongolero. Kenako anatuluka movutikira, chifukwa malo anali atachepa, nalowa m'galaja mpaka pakona paja. Anavundukula lona. Injini yaing'ono inali pomwepo pa matayala ake, yoyera, yopanda dontho la oyilo. Anacheuka n'kuyang'ana galimoto pabwalo, boneti yobooka, chitsulo chodulidwa chili m'mulu wa zotayidwa, ndipo monga makaniko sanafunike kuuzidwa kuti ziwirizi sizidzakumananso.

Anakodola mkamwini wawo.

"Iyi," iwo anatero, dzanja lili pa injiniyo, "inalibe vuto?"

"Inalibe, bambo," anatero mkamwini, maso ali pansi.

"Mwati chiyani?"

Mkamwini anadzutsa mutu. Anthu onse anali atasendera pakhomo. Mkazi wake anali pomwepo, ndipo sanamuthandize. Anakoka mpweya, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anakalipira apongozi ake.

"Inalibe vuto, bambo! Inali bwino kuposa injini ina iliyonse imene ndinaimvapo!"

Mawuwo anamveka mpaka kumsewu. A Makutu anawamva, ndipo zinaoneka pankhope pawo kuti awamva. Sanakwiye. Mkamwini akanakonda akanakwiya, akanamutukwana, ngakhale kumunyanyala chaka chathunthu. Iwo anangogwedeza mutu pang'ono, nabwezera lona pa injini mosamala, akupinda m'mbali.

"Ndipo inu munkadziwa tsiku lomwe lija," anatero.

Mkamwini anavomera ndi mutu.

"Ine ndakalamba, makutu atha. Zimenezo si zachilendo, zimachitika," anatero mkuluyo, mawu ali okwera monga amalankhulira anthu osadzimva okha, moti aliyense pakhomo anamva. "Koma inu anu ali bwino. Zaka zonsezi ndimauza anthu kuti galajayi ndinasiyira makaniko. Ndinakuphunzitsani kumvera injini, akamwini. Inu mwamvera ine."