Eda ya Shamsia

Suleiman anamuika m'manda tsiku lomwelo limene anamwalira, dzuwa lisanalowe, monga Asilamu achitira, dokotala osamuona. Osambitsa mtembo anaziona nthiti zothyokazo, koma anasoka pakamwa. Alonda a ofesi ina ya boma m'tauni, kumene iye anakadandaula za malo ake ogulitsira nsapato ku Kabwata, anati munthuyo anangogwa pamasitepe. Kugwa kwanji kothyola nthiti mbali zonse?

Mkazi wake, Shamsia, anatsala ndi mboni imodzi yokha: kamera ya pamwamba pa masitepewo. Koma anayenera kuyamba wakhala eda, miyezi imene wamasiye wachisilamu satuluka m'nyumba. Anaikhala yonse mtima ukuwira, ndipo itangotha anakwera minibasi ya ku Cairo Road.

Mu ofesimo anapeza Mukuka, kalaliki wa kompyuta, akutokosa m'mano.

"Ba Mukuka, nifuna vidiyo ya siku yamene banapaya bamuna banga."

"Mwachedwa, amai. Sisitemu imafuta yeka vakudala. Munali kuti nthawi yonse iyi?"

"Nenze mu eda."

"Eda ndiye chani? Boma siiziba ivo."

Shamsia anayang'ana galasi la kompyuta pa desiki. Masitepe aja anali momwemo, anthu akukwera ndi kutsika. Ndiye wina amuuze kuti Suleiman mulibe? Analinyamula galasilo, nthambo zikuthothoka, nathawa nalo.

Sanapite patali. Mlonda wina anamukoka mpango, mnzake anamutchera mwendo. Anagubuduzika pamasitepe omwe aja mpaka pansi, galasi ali chikumbatire. Ndodo inatera pamsana, jombo inalowa m'nthiti, ina pakamwa. Dzino linagwera pa simenti. Anthu a pamzere, amuna athunthu ndevu pepeya, anangoyang'ana kukhoma. Zochititsa manyazi!

"Siya katundu ya boma, iwe!" anakuwa mlondayo, akumuponda zala.

Shamsia sanasiye. Alondawo anachita kumukanganula chala chimodzichimodzi, ziwiri zitathyoka.

Mukuka anatsika, naima chapatali, nkhope itagwa.

"Musiyeni, imwe. Amai, umo mulibe chilichonse. Ni gilasi chabe iyo. Vonse vinali mu mashini ya kumwamba, vinafutika kudala."

Shamsia anakwawa, natola chibenthu chachikulu cha galasilo. Anachipukuta magazi ndi mpango wake, nachisendeza pafupi ndi diso limene linali lisanatupe, akufunafuna mwamuna wake.