Phewa la Ba Obby

Estina anaona mmene mwamuna wake Obby ananyamulira chidebe cha madzi: ndi dzanja lamanzere, lamanja atalikanikiza kunthiti. Dzulo lake anachita chimodzimodzi pokankha njinga. Mtima wake sunakhazikike.

Obby anali goloboyi wa timu ya kampani ina ku Lusaka mpaka kampaniyo itagulitsidwa mu 1994. Atabwerera ku Chinyunyu anayamba kuphunzitsa timu ya kumudzi, koma pagolo sanachokepo. Goloboyi wachiwiri, Festus wokonza njinga kumsewu, ankangoyeserera, osasewera.

Loweruka kunabwera timu ya ku Shikabeta. Unali mwezi wa Okutobala, bwalo litauma ngati njerwa. Obby akagwera phewa lopwetekalo, adzagwira khasu ndani mvula ikagwa? Estina anamupempha kuti ayambe waonana ndi a kukiliniki ku Rufunsa. Obby anaseka, nati phewalo analiviika kale pa kasupe wa madzi otentha ndipo linapola.

Estina anabereka mwana wawo Mwiza kumsana n'kulondola Obby kubwalo. Anapeza osewera atazungulira Obby, akumva malangizo. Analowa pakati, n'kuima dala kudzanja lake lamanja.

"Atate ake Mwiza, tandigwirirani mwana ndimange bwino chitenje."

Obby anatambasula mkono osaganiza. Mwana atangoutsamira, nkhope ya Obby inakwinyika, mkono n'kugwa. Estina anali asanamusiye mwanayo, ndipo anamubweza pachifuwa pake.

Kenako Festus analankhula akuyang'ana pansi.

"Ba kochi, Mwiza wabwera pang'onopang'ono. Mpira wa a Shikabeta umabwera ngati basi ya ku Chipata."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Obby anayang'anitsitsa mkazi wake, kenako anavula magolovesi ndi mano n'kuponyera Festus.

Masewera onse Obby anaima kuseri kwa golo, akumuuza Festus potuluka ndi podikira. Festus anagwira mipira yambiri, koma iwiri inamudutsa, ndipo Chinyunyu inagonja.

Pobwerera Obby anayenda patsogolo osacheuka. Atafika pakhomo anati Estina wamuchititsa manyazi pamaso pa timu yake. Estina anavomera kuti n'zoona, koma sanapepese.

Lolemba masana Obby anatuluka atavala nsapato za kutchalitchi, osati zampira, wezulo m'khosi. Ali pachitseko anauza Estina kuti asamudikire msanga, kubwalo kuli ntchito. Festus amatsinzina mpira ukabwera m'mwamba, ndipo kumusiyitsa zimenezo si ntchito ya tsiku limodzi.