Mchere wa Mayi a Norma

Chaka cha chilala chija, 1992, ndiwo kunyumba kwa a Levison ku Ingezi, m'tauni ya Kadoma, zinayamba kuwawa mchere. Nyama inali itasowa, ankangodya sadza, nsima ya chimanga chachikasu, ndi masamba ouma. Mkazi wawo Rosina ankathira mchere, kulawa, kuthiranso, ati pakamwa sipakumva kanthu. Kenako anasiya kuseka, kutchalitchi osapondako, tsitsi kuthothoka. Ankangokhala pakhonde misozi ili chuchuchu.

A Levison nawo ankatsokomola. Munthu wakumba golide zaka makumi awiri, chifuwa chingamusiye? Koma alongo awo a Tabitha atabwera, analawa ndiwo n'kupukusa mutu.

"Achimwene, uwu ndi mdulo. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kukuthirirani mchere, chifuwa chimaduka. Tamufunseni."

Anamufunsadi. Rosina anangowayang'ana, kukamwa yasa, mawu osatuluka.

"Fisi akagwa m'mbuna salankhula," anatero a Tabitha.

Basi mlandu unathera pomwepo. Ukwati wa zaka makumi awiri ndi zisanu, a Levison anaukweza basi ya ku Chegutu, kwa a Morrison, mlongo wake wa Rosina. Pobwerera analira, koma ankati akulira ngati munthu wolakwiridwa.

Patatha miyezi isanu mwana wawo Norma, amene ankagwira ntchito yoyeza magazi ku Harare, anafika ndi pepala.

"Bambo, ndinakayezetsa amayi. Zinki m'magazi mwawo ndi wochepa kwambiri. Adokotala akuti akachepa choncho lilime limasiya kumva kukoma, ndipo ena mtima umawagwera pansi. Chifuwa chanucho ndi fumbi la mumgodi."

Zinki a Levison ankamudziwa, kumgodi ankakolera golide. Zoti amakhalanso m'magazi a munthu, aka kanali koyamba kumva. Manyazi anawagwira.

Loweruka anagula nyama ndi nsalu yatsopano, ulendo wa ku Chegutu. Anamupeza Rosina akuyanika zovala, thupi likubwerera, mankhwala akumuyanja. Anawalandira bwinobwino ngati mlendo.

"Mayi a Norma, ndinalakwa. Tiyeni kwathu."

"Yambani mwadya kaye."

Anaphika nyama ija, kubwera nayo, kugwada monga kale. Mtima wa a Levison unayamba kukhala pansi. Ananyema mbamu, kusunsa, kuika m'kamwa. Ndiwo zinali zopanda mchere ndi pang'ono pomwe. Pambali pa mbale panali kasosala ka mchere.

"Thirani nokha, bambo a Norma," anatero Rosina, mopanda ukali. "Tsiku lija ndinalibe mphamvu yoyankha. Ndinkati inu mundiyankhira, poti mumandidziwa."

A Levison anatapa mchere, wambiri n'kutayikira pamphasa. Basi ya madzulo yobwerera ku Kadoma anakwera okha, nsalu ija ili m'pepala lake.